Alangizi a zamalamulo kuchigwa cha Shire: anawathandiza azakhali anga, koma mafayilo awo ali pambalambanda

Pa malo ena ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Nchalo ndi Bangula, pali ofesi ya zipinda ziwiri komwe anthu amapita kukafunsa uphungu wa zamalamulo popanda kulipira kanthu. Ofesiyi si ya boma, ndipo anthu awiri amene amagwira ntchito mmenemo, bambo wachikulire ndi mayi wocheperapo msinkhu, si maloya koma alangizi a zamalamulo, amene pa ntchito yawo amatchedwa ma paralegal. Sinditchula dzina la bungwe limene limayendetsa ofesiyi, chifukwa zina mwa zimene ndilembe pano ndi zodandaula, ndipo sindikufuna kuti anthu awiri amene anatithandiza ndi mtima wonse akaonekere kwa mabwana awo chifukwa cha ine. Ndinapitako kasanu pakati pa Ogasiti ndi Disembala 2024, ndikuperekeza azakhali anga pa nkhani ya ndalama zawo za Mtukula Pakhomo, ndipo ndikukhulupirira kuti maulendo asanu ndi okwanira kuti munthu anene zimene anaona ndi maso ake.

Azakhali anga ndi mayi wamasiye wa zaka zoposa 70, ndipo akulera adzukulu anayi amene makolo awo anatisiya. Mabanja otere ndi amene pulogalamu ya Mtukula Pakhomo inakhazikitsidwira, kutanthauza mabanja osaukitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Pulogalamuyi inayamba moyesera m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28 a dziko lino, ndi cholinga chothandiza pafupifupi banja limodzi pa mabanja khumi aliwonse. Ndalama zake zimatengera kukula kwa banja, ndipo pamakhala kena kowonjezera pa mwana amene ali pasukulu. Si ndalama zambiri, koma kuno kuchigwa, komwe chaka china madzi amakokolola mapira ndi chimanga cha m'dimba, chaka chinacho dzuwa n'kupsereza zotsala, ndalama zimenezi ndi zomwe zimasiyanitsa banja logona litadya nsima ndi banja lokazula nyika m'dambo momwe muli ng'ona.

Vuto la azakhali linamera pang'onopang'ono. M'kaundula wa pulogalamu analembedwa ndi dzina la malemu amuna awo, monga mmene mudzi wonse umawatchulira, pamene pa chiphaso chaunzika, chomwe anajambulitsa pa kalembera wamkulu wa 2017, pali dzina la bambo awo owabereka. Kwa zaka zingapo kusiyana kumeneku sikunavutitse munthu, kufikira pamene namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023, madzi n'kulowa m'nyumba usiku ndi kutenga jumbo momwe munali mapepala awo onse. Chiphaso anakapezanso china atachoka ku msasa, koma mapepala akale a pulogalamu anapita ndi madzi. Kenaka kunabwera njala ya 2024, chaka chomwe boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, ndipo azakhali anakongola K30,000 kwa munthu wina wa katapila, mogwirizana kuti adzabweza K45,000. Monga chikole anasiya chiphasocho, simukhadi yomwe ndalama zimafikirapo, ndiponso kapepala kolembapo nambala yachinsinsi. Munthuyo anatapa ndalama katatu, zomwe zinaposa ngongole yake, koma sanabweze kanthu. Tsiku lotsimikizira maina litafika, azakhali anapita chimanjamanja, dzina la m'kaundula linalibe chiphaso choliikira umboni, ndipo ndalama zinaima. Atafunsa chifukwa, munthu wina wa m'komiti ya pulogalamuyi anangowayankha kuti, "Agogo, kompyuta yakukanani."

Ulendo woyamba tinafika pa kabaza nthawi isanakwane 7 koloko m'mawa, koma tinapeza anthu pafupifupi 20 atakhala kale pakhonde, ena pa benchi, ena pansi. Tinalembetsa dzina m'buku lomwe linali patebulo pakhomo, n'kudikira mpaka cha m'ma 11 koloko, dzuwa la kuchigwa litayamba kale kulowa pansi pa malata. Amene anatilandira anali mayi uja, ndipo chinthu choyamba chimene ndinayamikira n'chakuti atangomva kalankhulidwe ka azakhali anasintha n'kuyamba kuwalonjera m'Chisena. Amene anaperekezapo munthu wachikulire ku ofesi akudziwa mmene nkhalamba imafotera ikamafunsidwa mafunso mothamanga ndi munthu woyang'ana pepala. Apa zinali zosiyana. Anawalola kufotokoza kwa pafupifupi theka la ola, kuyambira usiku wa madzi uja, osawadula ngakhale pamene anapatukira ku nkhani ya mbuzi zomwe zinakokoloka. Atamaliza, mlangiziyo anatenga pepala, najambula mizere itatu, nati: "Agogo, inu mwamanga mtolo umodzi, koma muli nkhuni za mitengo itatu. Pali nkhani ya munthu amene akusunga chiphaso chanu, pali nkhani ya dzina, ndipo pali nkhani ya ndalama zimene zaimitsidwa popanda kukuuzani chifukwa. Tikazisakaniza, aliyense amene tikamudandaulire adzatiloza kwa mnzake." Ine ndinali nditayenda kale ndi nkhaniyi kwa miyezi iwiri, ndipo palibe amene anali ataimasula chotere.

Anayamba ndi nkhani yachitatu, ndipo apa ndi pamene ndinaona phindu lenileni la ofesiyi. Anatiuza kuti mawu akuti kompyuta yakukanani si yankho limene malamulo amavomereza. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu woti zimene akuluakulu a boma agamula zokhudza iye zikhale zotsata malamulo ndiponso zochitika mwachilungamo, komanso ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake zolembedwa pamene chigamulocho chakhudza ufulu wake, zofuna zake kapena chimene amayembekezera moyenerera. Mlangiziyo anatsindika kuti sakunena kuti aliyense wosauka ali ndi ufulu wolandira Mtukula Pakhomo, poti pulogalamuyi ili ndi malire ake ndipo osauka ndi ochuluka kuposa malo amene alipo. Chimene ankanena n'chakuti munthu amene analowa kale, wakhala akulandira, ndipo wadulidwa, ayenera kuuzidwa chifukwa papepala, kuti ngati chifukwacho chili cholakwika athe kuchitsutsa. Kusiyanitsa kumeneku kunandisangalatsa, chifukwa ndamvapo anthu ena olankhula za ufulu pa misonkhano akulonjeza anthu zinthu zimene lamulo silinalonjeze, anthuwo n'kubwerera kunyumba ndi mkwiyo wopanda pogwira. Kalata imene analemba inali ya tsamba limodzi lokha, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Inatchula maina onse awiri a azakhali, mudzi, nyakwawa, mwezi womaliza kulandira, ndipo inapempha kuti chifukwa choimitsira ndalamazo chiperekedwe cholembedwa komanso kuti afotokozeredwe njira yochitira apilo. Munalibe mawu oopseza kapena onyoza munthu. Anaiwerenga mokweza m'Chisena azakhali asanadinde chala, ndipo atafika pa chaka chobadwa azakhali anakonza pamene panalakwika.

Chinthu chimene anatikakamiza, mpaka kubwereza katatu, chinali chakuti tipite ndi makalata awiri ofanana, imodzi tikasiye, inayo atidindire chidindo, alembepo tsiku ndi kusaina, ndipo tibwere nayo. Zimaoneka zazing'ono, koma ndazindikira kuti milandu yambiri ya anthu a m'midzi yathu imafera pamenepa. Ife tinazolowera kudandaula pakamwa. Timauza wa komiti tikakumana naye pa mjigo, timanong'oneza nyakwawa pa maliro, timatuma mwana kuti akafunse kwa alembi, ndipo pakapita miyezi isanu ndi umodzi palibe amene akukumbukira kuti tinadandaula liti, kwa yani, ndipo anatiyankha chiyani. Munthu amene tinakamupatsa kalata ija anazengereza kudinda, nati palibe chifukwa poti wailandira kale, koma nditamuuza mwaulemu kuti atituma ndi alangizi a zamalamulo, anatsegula kabati n'kutulutsa chidindo. Kuchokera tsiku limenelo dandaulo la azakhali linakhala ndi tsiku lobadwa, ndipo aliyense amene tinkakumana naye pambuyo pake ankayamba wayang'ana chidindocho asanatiyankhe.

Nkhani ya wa katapila anaitenga bambo wachikulire uja, ndipo pa imeneyi maganizo anga ndi ogawanika. Anafotokoza momveka bwino kuti chiphaso chaunzika si katundu woika pa chikole, ndipo kusunga ziphaso za anthu ena popanda chilolezo cha lamulo ndi mlandu. Bungwe lopereka ziphaso zaunzika la NRB ndi apolisi akhala akuchenjeza za zimenezi, ndipo anthu amangidwapo atapezeka ndi ziphaso za eni, makamaka nyengo imene anthu ankagula feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya boma ya AIP. Anatiuzanso kuti malamulo a dziko lino amapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake ndi chankhanza. Ine mtima unali kale ku polisi. Koma bamboyo anafunsa azakhali chimene iwo ankafuna, ndipo anayankha kuti, "Mwananga, munthuyu ndi wa pamudzi pomwepo, ndipo njala ikadzabweranso ndidzagogoda pa khomo lomwelo." Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Choncho mlangiziyo anapempha nyakwawa kuti aitanitse bwalo laling'ono, ndipo iye mwini anabwera pa njinga yamoto. Pansi pa mtengo wa nimu, wa katapila uja atamva mawu akuti mlandu, anatulutsa chiphaso ndi simukhadi m'thumba la malaya, momwe ndinaona muli ziphaso zina zosachepera zisanu zomangidwa ndi labala. Tsiku lotsatira tinapita ku shopu ya kampani ya foni, komwe azakhali anasintha nambala yachinsinsi ndi kupempha chikalata choonetsa mmene ndalama zinatulukira, ndipo chikalatacho chinaonetsa masiku ndi ndalama zonse zimene zinatapidwa. Pa bwalo lachiwiri munthuyo anavomera kubweza theka la ndalama zopitirirazo, pang'onopang'ono. Ndikuvomereza kuti njira imeneyi inasunga mtendere pamudzi ndipo inali yachangu kuposa khoti, koma ziphaso zina zija zinabwerera m'thumba momwe zinachokera, ndipo mlangiziyo sananenepo kanthu za izo. Nditamufunsa, anati sangayambe mlandu wa munthu amene sanabwere kudzadandaula. Ndikumvetsa, koma sindinakhutire.

Pa nkhani ya dzina ndi pomwe ndinaphunzira zinthu zimene sindinkazidziwa n'komwe. Maina a mabanja amene amaganiziridwa pa mapulogalamu a chithandizo amasungidwa m'kaundula wamkulu wotchedwa Unified Beneficiary Registry, momwe mumalembedwa za anthu a m'banjamo, zaka zawo, mtundu wa nyumba, ziweto ndi katundu wina, ngakhalenso za ulumali ndi matenda a mgonagona. Popeza mapulogalamu osiyanasiyana amatunga pa chitsime chomwecho, cholakwika chimodzi chikhoza kumutsatira munthu kulikonse kumene dzina lake lingafunike. Mayi uja anatiuza kuti kuyambira mu Juni 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi, ndipo lamuloli limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene ena asunga zokhudza iye, wopempha kuti zolakwika zikonzedwe, ndiponso wodandaula ngati uthenga wake wagwiritsidwa ntchito molakwika. Limalamulanso amene akusunga uthengawo kuti atolere wokhawo umene akuufuna, augwiritse ntchito pa cholinga chimene anautolera, ndipo ausamale kuti usafike kwa anthu osayenera. Ufulu wa chinsinsi cha munthu unalimo kale m'gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko, koma lamulo latsopanoli ndi limene likufotokoza mwatsatanetsatane udindo wa amene wagwira fotokope ya chiphaso chako. Pofuna kukonza dzina, anatituma kukatenga kalata ya nyakwawa yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, kenaka kalata yolumbira yomwe azakhali anakadinda chala ku khoti la majisitireti, ndipo zonsezi anaziphatikiza ku kalata yachiwiri yopempha kuti kaundula agwirizane ndi chiphaso. Anatchulanso lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020 ndipo limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti ofesi iyankhe pempho la uthenga, koma anati limeneli tisunge kaye ngati mpini wapadera.

Anatifotokozeranso makwerero onse a dandaulo, kuti tidziwe kumene tikupita ngati kalata zathu zitagonekedwa. Poyambira ndi komiti yomva madandaulo ya m'dera, kenaka akuluakulu a pulogalamu ku likulu la boma. Zikakanika pamenepo pali ofesi ya Ombudsman, yomwe gawo 123 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaipatsa mphamvu yofufuza pamene munthu wachitiridwa zosalungama ndipo alibe njira ina yapafupi yopezera chilungamo, ndipo ofesi imeneyi silipiritsa. Pamwamba pa zonse pali khoti lalikulu, lomwe likhoza kuunika chigamulo cha ofesi ya boma, koma pempho lotere limayenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu, ndipo kawirikawiri limafuna loya. Apa mayiyo ananena poyera kuti iye si loya ndipo sangatiyimire kumeneko, koma akhoza kutilembera kalata yopita nayo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe limathandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Kenaka anawerengera masiku pa kalendala ya pakhoma n'kulemba tsiku lothera miyezi itatuyo pachikuto cha fayilo yathu ndi cholembera chofiira. Kwa banja longa lathu, ulendo wokwera zitunda kupita ku Blantyre kukatsata mlandu ukanadya ndalama zoposa zimene tinkalondolazo, ndipo iye ankadziwa zimenezi. Komabe kudziwa kuti njira ilipo kunasintha mmene azakhali ankakhalira pamaso pa alembi.

Sitinafike kutali choncho. Patapita milungu isanu ndi iwiri tinalandira yankho lolembedwa, lonena kuti ndalama zinaimitsidwa chifukwa dzina silinagwirizane ndi chiphaso, ndipo popeza tinali titapereka kale umboni, dzinalo linakonzedwa. Mu Disembala foni ya azakhali inalira, uthenga wa ndalama n'kulowa. Za miyezi imene anadumphidwa zinali zikadali m'njira, ndipo kalata yachitatu inali itapita kale.

Tsopano ndinene chimene chinandikhumudwitsa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ofesi yomwe inatiphunzitsa za lamulo loteteza uthenga wa munthu ndi yomweyonso imene sikusamala uthenga wa anthu ake. Buku la pakhomo lija lili ndi malo olembapo dzina, mudzi, nambala ya foni ndi vuto limene wabwera nalo, ndipo limakhala lotsegula tsiku lonse, moti pamene ndinkalemba dzina la azakhali, maso anga anawerenga mosafuna kuti mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe wabwera pa nkhani ya nkhanza za m'banja. Chipinda chofunsiramo anthu chili ndi zenera lopanda galasi loyang'ana pakhonde, ndipo chifukwa cha kutentha chitseko sichitsekedwa, choncho onse odikira amamva zonse, kuphatikizapo ngongole, matenda ndi mikangano ya chuma chamasiye. Azakhali anatsitsa mawu pofotokoza za katapila, koma mlangizi powabwerezera kuti atsimikize analankhula mokweza, poti amaganiza kuti nkhalamba sikumva bwino. Pakona pa chipindacho pali katoni ya sopo yodzaza ndi mafotokope a ziphaso zaunzika, ena atapiringizika ndi chinyezi, ena atagwera pansi, ndipo palibe kabati yokhoma. Chiphaso chathu chili ndi nkhope, nambala, tsiku lobadwa ndi zina zomuzindikiritsa munthu, ndipo kuyambira pamene kulembetsa simukhadi kunayamba kufuna chiphaso mu 2018, pepala lotere lili ndi mtengo kwa anthu akuba pa foni. Chinanso n'chakuti magetsi atazima pa ulendo wachiwiri, mlangizi anajambula chiphaso cha azakhali pa foni yake n'kutumiza pa WhatsApp kwa mnyamata wa pa shopu ya fotokope kuti adzasindikize magetsi akayaka. Anachita zimenezi pofuna kutipulumutsa ulendo wina, ndipo sindikukayika mtima wake, koma sanatifunse, ndipo chithunzi chimenecho chili m'mafoni awiri amene ife sitingawalamulire.

Pa ulendo wachinayi ndinalimba mtima n'kuwauza zonsezi. Ndinayembekezera kuti akwiya, koma bambo wachikulire uja anangopukusa mutu, nati, "Achimwene, mwanena zoona. Kabati tinapempha kalekale, koma ndalama zimene zimabwera ndi za mafuta a njinga ndi mapepala basi." Ndikuwakhulupirira. Komabe zinthu zina sizifuna ndalama ya wina aliyense. Kuchotsa m'buku la pakhomo malo olembapo vuto kumangofuna cholembera. Kusuntha benchi kuti ikhale pansi pa mtengo, kutali ndi zenera, kumafuna anthu awiri onyamula. Kubweza fotokope kwa mwini wake mlandu ukatha, kapena kuiwotcha iye akuona, sikufuna bajeti. Ndikuganiza kuti vuto lenileni ndi chizolowezi chathu tonse, chifukwa pamudzi timadziwana zonse, maina a olandira chithandizo amawerengedwa pa bwalo anthu onse akumva, ndipo timaona ngati munthu wosauka alibe chobisa. Kuwerenga maina pagulu kuli ndi ubwino wake, poti kumathandiza kugwira maina a anthu omwe kulibe ndi a abale a olemba, koma dzina ndi lina, ndipo nambala ya chiphaso, matenda ndi ngongole ndi zina. Ofesi ya zamalamulo ndi imene iyenera kuyamba kuonetsa kusiyana kumeneku.

Palinso zovuta za kafikidwe. Ofesiyi imatsegulidwa masiku atatu okha pa mlungu, chifukwa masiku enawo alangizi amakhala ali m'midzi, koma palibe chikwangwani chonena masikuwo, ndipo ulendo wathu wachitatu tinapeza loko pachitseko titalipira kale kabaza. Nambala ya foni yolembedwa pakhoma siyankhidwa kawirikawiri. Kwa ife a tsidya lino zimenezi ndi zopiririka, koma pakhonde paja ndinacheza ndi bambo wina wochokera ku East Bank, dera la Makhanga, amene anawoloka pa bwato ku Mtayamoyo m'bandakucha, ndipo nthawi yake yolowa inakwana masana dzuwa litapendeka, ali ndi nkhawa ya bwato lobwerera. Anthu a tsidya limenelo ndi amene madzi a 2015, a 2019, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy anawataitsa mapepala mobwerezabwereza, ndipo ndi amene amafuna thandizo lotere kuposa ena onse. Kungopatula tsiku limodzi pa mwezi loti alangizi akakhale tsidya lija, kapena kulola ochokera kutali kuti azilowa poyamba, kukanachepetsa mavuto ambiri. Ndiponso anthu awiri okha sangakwanitse kutsatira mlandu uliwonse, moti ngati mwini nkhani sabwerera kudzakumbutsa, fayilo yake imagona.

Ngakhale zili choncho, munthu amene wadulidwa pa chithandizo popanda kuuzidwa chifukwa, amene dzina lake lalakwika m'kaundula, kapena amene chiphaso chake chagwidwa ndi wa katapila, ndingamulimbikitse kupita ku ofesi imeneyi, ndipo asachedwe, chifukwa miyezi itatu ija sidikira. Apite m'mawa kwambiri, atafunsa kaye kwa oyandikana ndi ofesiyo ngati tsikulo atsegula. Atenge pepala lililonse limene ali nalo, ngakhale long'ambika, ndipo ngati uthenga wa ndalama udakali m'foni asaufufute. Fotokope ya chiphaso akapangitse yekha, ndipo alembe pamwamba pake tsiku ndi ntchito imene waiperekera, kuti isakagwire ntchito ina. M'buku la pakhomo alembe dzina lokha, ndipo ngati nkhani yake ndi yachinsinsi apemphe kuti chitseko chitsekedwe ngakhale kukutentha, pakuti alangiziwo savuta akapemphedwa. Nambala yachinsinsi asaipereke kwa wina aliyense, ngakhale kwa alangizi omwewo, ndipo kunena zoona iwo sanatifunsepo.

Ulendo wachisanu tinapita kukasiya kope la kalata ya ndalama zotsalira. Benchi inali itasunthidwira pansi pa mtengo, koma buku linali lomwe lija, ndipo katoni inali pakona pomwe paja, itangofunditsidwa chitenje. Ndinapempha mafotokope a chiphaso cha azakhali amene sankafunikanso, ndipo mayi uja anawafufuza kwa mphindi khumi n'kupeza awiri mwa atatu. Anafufutanso chithunzi chija m'foni yake ine ndikuona, nalonjeza kuti akauza mnyamata wa pa shopu kuti achite chimodzimodzi. Azakhali anamusiyira nkhuku yomwe anabwera nayo itamangidwa miyendo, iye anakana katatu ponena kuti saloledwa kulandira kanthu, ndipo nkhukuyo tinabwerera nayo pa kabaza. Pachikuto cha fayilo analembapo tsiku lina lofiira, la mu Januwale 2025, loti tidzabwere ngati yankho lidzakhale lisanafike.